Dzuwa sitigula: werengani mawati musanagule nyale za chamba

Alimi anzanga, masabata atatu apitawo ndili pa Chitakale kudikira minibasi ya ku Limbe, adandipeza bambo wina wachikulire yemwe ndidadziwana naye pomwe ndinkalangiza gulu lawo za ulimi wa nandolo. Titalonjerana, iwo adapisa dzanja m'thumba la jekete natulutsa pepala.

"Alangizi, tationereniko ichi. Gulu lathu lija likufuna kuyamba ulimi wa chamba chololedwa ndi boma. Mnyamata wina wa m'tauni wati atigulitsa nyale 20, iliyonse ya mawati 1,000, zoti tipachike m'nyumba yathu yosungiramo zokolola ija. Akuti maiko akunja onse amalima chotero."

Ndidawafunsa kukula kwa nyumbayo ndipo tidapeza kuti kuchotsa tinjira toyendamo, malo odzalapo mbewu angakwane masikweya mita 100. Kenaka ndidaona tizilembo ting'onoting'ono tomwe tidali kumunsi kwa pepalalo. Nyale yomwe pamwamba adailemba kuti ndi ya mawati 1,000 idali yokoka mawati 150 okha kuchokera ku soketi. Ndalama yomwe ankati akapereke idali ya anthu oposa makumi awiri, yomwe adasonkha atagulitsa nandolo ndi nanazi wa zaka ziwiri.

Ndidawauza kuti asagule, ndipo lero ndati ndifotokoze chifukwa chake poyera popeza ndikudziwa kuti pepala lotere likuyenda m'matumba a anthu ambiri. Maganizo anga ndi akuti mlimi wa kuno kwathu alibe chifukwa chotsekera mbewu mumdima n'kumaigulira kuwala. Koma ngati wina waumirira kutero, ayambe wawerenga mawati, chifukwa nyale zoperewera zimadya ndalama osabweza kanthu.

Poyamba tikumbutsane za lamulo. Mu February 2020 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lolola kulima chamba cha mankhwala ndi chamba cha m'mafakitale, patapita zaka zisanu kuchokera pomwe kampani ya Invegrow idayamba kuyesa mbewuyi ku Chitedze mu 2015. Wolima ayenera kukhala ndi chiphaso chochokera ku bungwe la Cannabis Regulatory Authority. Mitengo yomwe idalengezedwa mu November 2020 idali madola 10,000 a ku America pa chiphaso cholimira chamba cha mankhwala, ndi madola 2,000 pa chamba cha m'mafakitale. Wopanda chiphaso akapezeka ndi mbewuyi, kaya kumunda kaya kuchipinda, amangidwa basi. Tsono zomwe ndikulembazi ndi za okhawo omwe ali ndi chiphaso kapena akuchifuna.

Tibwere ku masamu. Chamba ndi mbewu yokonda dzuwa ngati chimanga, yosiyana ndi khofi yemwe amapirira mthunzi. Olima m'nyumba omwe amagwiritsa ntchito nyale zamakono za LED amawerengera mawati 300 mpaka 400 pa sikweya mita iliyonse nthawi yomwe mbewu ikuchita maluwa. Awa ndi mawati enieni otuluka mu soketi, osati nambala yaikulu yolembedwa pa katoni. Ogulitsa ambiri amalemba nambala yoyerekeza ndi mababu akale kuti katundu aoneke wamphamvu. Chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Musanalipire, funani pomwe alemba mphamvu yomwe nyaleyo imakoka, kapena mupemphe wa zamagetsi aiyeze inu mukuona.

Nyale 20 za bambo aja zikadapereka mawati 3,000 pa masikweya mita 100, kutanthauza mawati 30 pa sikweya mita. Apa ndiye kuti mbewu ikadalandira gawo limodzi mwa magawo khumi a kuwala komwe imafuna. Aliyense amene adaonapo mbande za fodya kapena tomato zomera pansi pa mtengo wa mango akudziwa zotsatira zake. Mbewu imatalika n'kuonda pofunafuna kuwala, mfundo zimatalikirana, tsinde limagwa lokha, ndipo maluwa amakhala opepuka ngati mankhusu. Feteleza sangakonze zimenezi. Chakudya cha mbewu chimapangidwa m'masamba ndi mphamvu ya kuwala, ndipo kuwala kukachepa feteleza wochuluka amangowotcha mizu.

Nanga akadagula nyale zokwanira? Tiwerengere mawati 350 pa sikweya mita. Pa malo aja pafunika mawati 35,000, kapena kuti makilowati 35, mphamvu yoposa ya mota ya zigayo zambiri za m'midzi mwathu. Waya wa nyumba wamba sangainyamule. Nthawi ya maluwa nyale zimayaka maola 12 pa tsiku, choncho pa tsiku pamapita mayunitsi 420, pa mwezi mayunitsi 12,600. Tengani lisiti lomwe mudagulira magetsi a ESCOM posachedwapa, muone mtengo wa yuniti imodzi, muchulukitse nokha. Maluwa a mitundu yambiri yakunja amatenga masabata asanu ndi atatu kapena kuposerapo kuti akhwime, ndipo apa sitidawerengere masabata omwe mbewu imakula isanayambe maluwa.

Ndalama sithera pa nyale pokha. Magetsi onse olowa m'nyumbamo amasanduka kutentha. Makilowati 35 ali ngati kuyatsa simbi zamagetsi makumi atatu nthawi imodzi m'nyumba yotseka yofolera ndi malata. Taganizani mwezi wa October pa Chitakale. Pafunika mafani, makina oziziritsa ndi makina ochotsa chinyezi, ndipo onsewa amadya magetsi awoawo.

Kenaka pali kuzimazima kwa magetsi. Mu January 2022 namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira pa Shire ndipo dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Tonse tikukumbukira mdima wa nthawi imeneyo. Mu March 2023 namondwe wa Freddy adakokolola milatho ndi mapolo a magetsi kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe. Munthu amatha kuyatsa kandulo nadikira, koma mbewu ya m'nyumba yotseka ilibe kothawira. Komanso chamba chimasokonezeka nthawi ya kuwala ndi ya mdima ikamasinthasintha. Chimatha kuchita maluwa nthawi isanakwane, kapena mbewu yaikazi kutulutsa maluwa aamuna n'kudzaza munda wonse ndi njere, zomwe ogula a mankhwala sazifuna. Jenereta yonyamula makilowati 35 imamwa dizilo pafupifupi malita 10 pa ola, ndipo mizere ya pa malo omwetsera mafuta ya mu 2022 ndi 2024 sitidaiiwale. Nyalezo n'zochokera kunja, zogulidwa ndi madola, ndipo kwacha idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu November 2023.

Tidzifunse: n'chifukwa chiyani anzathu a ku Netherlands, Canada ndi America adayamba kulima m'nyumba? Zifukwa zidali ziwiri. Choyamba, ankabisala kwa apolisi m'zaka zomwe mbewuyi idali yoletsedwa. Chachiwiri ndi nyengo. Ku Amsterdam mwezi wa December dzuwa silikwanitsa maola asanu ndi atatu, ndipo kunja kumazizira moti mbewu singakule. Iwo amagula kuwala chifukwa alibe. Mlimi wa chiphaso ku Mulanje sakubisala kwa munthu, ndipo dzuwa la masana kumwamba kukayera limapatsa tsamba kuwala koposa kawiri komwe nyale zodula zija zimapereka. Ngati tili ndi mwayi uliwonse wopikisana ndi maiko olemera pa msika umenewu, mwayiwo ndi dzuwa lomweli. Kulisiya panja n'kukagula la m'sitolo ndiko kutaya chinthu chokhacho chomwe timawaposa nacho.

Komabe sindikunena kuti babu alibe ntchito. Vuto lenileni la kuno ndi kufupika kwa usana. Chamba chimayamba maluwa usiku ukatalika kufika pa maola pafupifupi 12. Ku Mulanje usana ndi wa maola pafupifupi 11 mu June ndipo umangofika pa maola 13 mu December. Chamba chathu chamakolo, chomwe chidatchuka kunja ndi dzina loti Malawi Gold, chidazolowera zimenezi ndipo chimakula motalika chisanachite maluwa. Koma mbewu zambiri zochokera ku Ulaya ndi ku America zidapangidwira maiko omwe usana wa m'chilimwe umafika maola 15 kapena 16. Zikabwera kuno zimayesa kuti nyengo yatha, choncho zimathamangira kuchita maluwa zikadali zofika m'mawondo, ndipo zokolola zimakhala zochepa zedi.

Mankhwala a vutoli ndi otsika mtengo. Mbewu siifuna kuwala kwamphamvu kuti iyese kuti kukadali masana. Alimi a maluwa akhala akuchita zimenezi kwa zaka zambiri: amapachika timababu pamwamba pa mbewu n'kumatiyatsa dzuwa likalowa. Pa masikweya mita 100, mababu 25 a LED a mawati 12, otalikirana mamita awiri, oyaka kuyambira 6 koloko madzulo mpaka pakati pa usiku, amadya mayunitsi osakwana awiri pa tsiku. Sola ndi batire zingathe kunyamula zimenezi popanda kudalira waya. Mbewu ikafika msinkhu womwe mukufuna, mababu muwazimitse ndipo maluwa ayamba okha. Ntchito yodyetsa mbewu yagwiridwa ndi dzuwa, babu wangoichedwetsa kuchita maluwa. Nyale zamphamvuko mungazifune m'kachipinda kakang'ono kosungiramo mbewu zodulako ziphukira ndi mbande, komwe ndi masikweya mita ochepa chabe.

Ena adzanditsutsa kuti ogula a mankhwala ku Ulaya amafuna maluwa ofanana, aukhondo, opanda fumbi ndi tizilombo, ndipo kuti nyumba yotseka ndiyo imapereka zimenezi. Pali choona pamenepa. Komanso Mulanje ali ndi zovuta zake: mvula ndi yambiri, ndipo chiperoni chikabwera m'miyezi ya June ndi July, dzuwa limabisala masiku angapo ndipo chinyezi chimadzetsa chuku m'maluwa. Koma yankho la zimenezi ndi shedi ya pulasitiki yoonekera, yokhala ndi sefa m'mbali kuti mphepo izidutsa, komanso kukonza nthawi yodzala kuti maluwa akhwime m'miyezi youma ya August mpaka October. Ndalama yomwe ikadapita ku nyale imange shedi, igule mapaipi othirira ndi kukonza malo abwino oumitsira. Nyumba ya bambo aja ndidawauza kuti ingagwire bwino ntchito youmitsiramo kusiyana ndi yolimamo.

Ndipo zonsezi zisanachitike, pezani wogula. Lamulo la 2020 litangodutsa, magulu ambiri adathamangira kusonkha ndalama, ndipo nyuzi zidadzaza ndi madandaulo a alimi omwe adalipira zambiri koma osaona msika. Pangano lolembedwa lionetse mtundu wa mbewu, muyeso wofunika ndi mtengo. Ngati wogulayo akufunadi chamba cha m'nyumba, mtengo wake ukwanire kulipira mayunitsi 12,600 aja mwezi uliwonse, apo ayi nyale agule yekha.

Pempho langa kwa a Cannabis Regulatory Authority ndi akatswiri a ku Chitedze ndi ku Bvumbwe ndi lakuti atulutse kabuku ka m'Chichewa kofotokoza mitundu ya mbewu yomwe yachita bwino kuno, miyezi yodzalira m'chigawo chilichonse ndi masamu a magetsi ngati awa. Pakadali pano mlimi akumva za nyale kuchokera kwa wogulitsa nyale yekha.

Bambo aja adapinda pepala lawo nati akakambirana ndi anzawo Loweruka. Inu amene muli ndi pepala longa lomweli m'thumba, funsani mafunso atatu musanatulutse ndalama ya gulu: nyaleyi imakoka mawati angati enieni, ndi mawati angati pa sikweya mita, ndipo mayunitsi ake pa mwezi alipira ndani? Safunsa adadya phula.