Digiri ya ku Chirunga imaphikidwa ku Chikanda

Tsiku lopereka madigiri pa Yunivesite ya Malawi (UNIMA), Zomba amadzuka tambala asanalire. Minibasi zimafika usiku kuchokera ku Mzimba, ku Nsanje, ku Mchinji, zitadzaza azakhali, atsibweni ndi agogo omwe ena a iwo aponda koyamba mumzinda wakalewu. Malo ogona alendo amakhala atatha kale. Kunja kwa Great Hall ojambula zithunzi amapachika nsalu zawo, ogulitsa maluwa a pulasitiki amakweza mitengo mopanda manyazi, ndipo wakabaza amapha ndalama yomwe masiku ena amaipeza pa sabata yathunthu. M'katimo akuluakulu amalengeza kuti omaliza chaka chino ndi angati, akazi ndi angati, okhoza mwapamwamba ndi angati, nthungululu n'kumveka.

Pali chiwerengero china chomwe sichitchulidwa pansanjapo. Mwa anyamata ndi atsikana omwe adalowa limodzi ngati mayaro (a chaka choyamba), ndi angati avala gauni lero? Nanga ndi angati amaliza m'zaka zinayi zomwe adauzidwa, osati zisanu kapena zisanu n'chimodzi? Kumeneko ndiye kuli kayezedwe koona ka sukulu yaukachenjede, chifukwa malo m'mayunivesite aboma ndi ochepa zedi. Chaka ndi chaka bungwe la NCHE limasankhira ophunzira ku UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, Mzuni ndi MUST, ndipo ambiri omwe adakhoza bwino MSCE amatsala kunja. Wina akalowa n'kulekezera panjira, malo aja awonongeka kawiri: iye sadapindule nawo, ndipo mnzake yemwe adatsala sadawalawe n'komwe.

Yankho lomwe anthu amathamangira ndi lakuti ana amasiku ano ndi aulesi, amakonda mowa ndi zibwenzi. Ena alidi otero, ndipo malamulo a sukulu sawanyengerera: ukalephera umalemba sapu, ukalepheranso umabwereza, zikakanika amakuwida, n'kubwerera kumudzi ndi chikwama chomwe udabwera nacho. Koma amene akufuna kumvetsa chifukwa chomwe mwana yemwe adapeza mapointi 9 ku sekondale amagwera m'chaka chachiwiri, asayambire ku laibulale. Atsike kaye ku Chikanda, kunja kwa mpanda wa yunivesite, akaone komwe mwanayo amagona.

Yunivesite ya Malawi idayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri mu Blantyre, ndi ophunzira pafupifupi 90. Nthambi yake ya Chancellor College (Chanco) idasamukira ku Chirunga mu Zomba mu 1973, ndipo patangopita zaka ziwiri, mu 1975, likulu la dziko lidachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe. Mzinda udataya maunduna, n'kutsala ndi asilikali a ku Cobbe Barracks, ndende, chipatala, maofesi angapo monga a MANEB ndi a National Statistical Office, komanso ophunzira. Nthawi imeneyo wosankhidwa ankapeza bedi m'hositelo ndi mbale m'kafeteriya, nkhawa yake n'kungokhala mabuku. Kenako khomo lidatsegulidwa kuti ambiri alowe, zomwe zidali zoyenera. Koma walira mvula walira matope. Chiwerengero cha ophunzira chidakwera kufika masauzande, mahositelo sadakwere nacho, ndipo lero ambiri amagona kunja kwa mpanda. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 105,000 mumzinda wa Zomba. M'tauni yaing'ono chonchi, ophunzira masauzande angapo ndiwo amasuntha mitengo ya nyumba, ya tomato ndi ya makala.

Ku Chikanda eni nyumba adaphunzira msanga. Lendi salipiritsa pa chipinda, amalipiritsa pa mutu. Chipinda chomwe chikadakhala cha munthu mmodzi amaikamo mabedi osanjikiza, anthu anayi n'kumatchulana mesho. Kuseri kwa nyumba yaikulu kumamera tizipinda tomangidwa mothamanga, chimbudzi chimodzi, mpopi umodzi. Magetsi akazima, wowerenga amadalira tochi ya pafoni. Amene wasankha kukawerengera ku laibulale amabwerera usiku m'tinjira tamdima, laputopu ili pamsana, mtima uli m'mwamba, poti akuba nawo amadziwa nthawi yomwe laibulale imatsekedwa. Kwa mtsikana mantha ake si a laputopu yokha, ndipo ambiri amangoti bola kuwerengera m'chipinda momwe mesho akukazinga bonya pa mbaula.

Si onse eni nyumba omwe ali adyera. Alipo amayi omwe asunga mwana wa eni miyezi itatu osalipira, akumugawiranso ndiwo. Vuto ndi lakuti mwayi wa wophunzira umadalira mtima wa landilodi yemwe wamupeza, osati dongosolo lililonse.

Ndalama nazo zili ndi mbiri yake. Mu 2016 khonsolo ya yunivesite idakweza fizi kufika K400,000, ophunzira adalowa mumsewu, ndipo ndalamayo idatsitsidwa kufika K350,000. Mu 2023 idakwera kufika K650,000, ndipo mu Novembala chaka chomwecho kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti. Mlimi wa nandolo wa ku Phalombe amene mwana wake ali ku Chirunga adaona ufa, sopo, lendi ndi fotokope zikukwera nthawi imodzi. Bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, lapulumutsa ambiri, koma silifikira onse opempha, ndipo ndalama ikachedwa landilodi sadikira. Wophunzira wotere salemba kalata yosiya sukulu. Amayamba kudya kamodzi patsiku, kenako amayamba kaokala kogulitsa mayunitsi kapena zovala zakaunjika, kenako amajomba makalasi a m'mawa. Mayeso akatuluka, m'mabuku a yunivesite amalembedwa kuti wachotsedwa chifukwa cholephera maphunziro. Njala ndi lendi sizilembedwa pena paliponse.

Ndiye pali kutsekedwa kwa sukulu, komwe ku Zomba kwasanduka ngati gawo la kalendala. Mu Febuluwale 2011 mkulu wa apolisi Peter Mukhito adaitana mphunzitsi Blessings Chinsinga kukamufunsa za chitsanzo chomwe adapereka m'kalasi, chokhudza kusowa kwa mafuta ndi zipolowe za ku Tunisia ndi Egypt. Aphunzitsi adanyanyala, anayi adachotsedwa ntchito kuphatikizapo Jessie Kabwila, ndipo zidatenga miyezi pafupifupi isanu ndi itatu kuti mkanganowo uthe. Aphunzitsiwo adali ndi mfundo, poti ndime 33 ya malamulo aakulu a dziko imateteza ufulu wa zamaphunziro, koma chaka cha ophunzira chidapita. Mu 2017 sukulu idakhalanso chitsekere miyezi yambiri pa nkhani ya kusiyana kwa malipiro pakati pa aphunzitsi a ku Chancellor College ndi a ku College of Medicine. Mu Malichi 2020 sukulu zidatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Chakumapeto kwa 2022 ophunzira adakwiya ndi kalendala yowakhazika kunyumba miyezi yambiri, zionetsero zidabuka, zipata n'kutsekedwanso. Mwana wa bwana amadikira kunyumba akuonera kanema. Mwana wosauka amapita kukagwira ganyu, wina amakwatiwa, wina amatsikira ku Joni, ndipo sukulu ikatsegulidwa mipando ina imakhala yopanda eni. Otsalawo ena amalipira lendi ya miyezi yomwe sadagonemo, kuopa kuti chipinda chipatsidwa kwa wina.

Mzinda nawo umalira. Amayi a malesitilanti, anyamata a chiwaya, ometa, a fotokope ndi akabaza amadziwa kalendala ya yunivesite kuposa makolo a ophunzirawo.

Chibale cha Zomba ndi "ana a pa Chanco" n'chosakaniza kunyada ndi kudandaula. Akuluakulu amakumbukira Travelling Theatre ikuyenda ndi zisudzo m'midzi. Amakumbukira Jack Mapanje atamangidwa mu 1987 n'kukatsekeredwa ku Mikuyu, kufupi konko, mpaka 1991. Amakumbukira Malichi 1992, pomwe ophunzira adaguba kuikira kumbuyo kalata ya maepiskopi pa nthawi yomwe anthu akuluakulu ankangonong'ona. Mu Julayi 2016 zionetsero za fizi zidasokoneza ngakhale ulendo wa Jill Biden, yemwe panthawiyo adali mkazi wa wachiwiri kwa pulezidenti wa America. Koma mayi yemwe benchi yake ya tomato idathyoledwa, kapena yemwe utsi wokhetsa misozi udamulowera m'nyumba muli khanda, ali ndi nkhani ina yoti anene, ndipo nyimbo zotukwana zomwe ophunzira ena amaimba m'basi popita kumasewero sizithandiza kuti awamvere chisoni.

Chodabwitsa n'chakuti lamulo lili ndi mphamvu kwambiri m'kati mwa mpanda kuposa kunja kwake. Wophunzira akachotsedwa popanda kumvedwa mbali yake, amadziwa ndime 43 yomwe imati boma ndi nthambi zake azichita zinthu mwachilungamo ndi kupereka zifukwa polemba, ndipo amathamangira ku High Court kukatenga chiletso. Za zionetsero amadziwa ndime 38, amadziwanso kuti lamulo la apolisi la 2010 limafuna kuti DC adziwitsidwe kutatsala maola osachepera 48. Koma wophunzira yemweyo, mwina wa zamalamulo kumene, amalowa m'chipinda cha ku Chikanda pa mgwirizano wapakamwa, opanda pepala, opanda lisiti. Lendi ikakwera pakati pa semesita, kapena katundu akatulutsidwa panja kutatsala sabata kuti mayeso ayambe, alibe koloza.

Chikhalirecho zida zilipo. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 limapatsa khonsolo ya mzinda mphamvu yopanga malamulo ake, ndipo lamulo la zaumoyo la 1948, ngakhale lakalamba, limakamba za nyumba zothithikana ndi zimbudzi. Palibe choletsa khonsolo ya Zomba ndi yunivesite kukhala pansi n'kutsegula kaundula wa nyumba zogonamo ophunzira: anthu angati pa chipinda, zimbudzi zingati, mgwirizano wolembedwa wa tsamba limodzi, ndi magetsi m'njira zotsikira ku Chikanda. Eni nyumba ena angadandaule, koma omwe akusamala kale ana a anzawo sangataye kanthu. Zomwezi zikufunika ku Luwinga mu Mzuzu, ku Chitawira ndi Zingwangwa mu Blantyre, ndi ku Goliati ku Thyolo.

Nayo yunivesite iliyonse yaboma izitulutsa poyera, chaka ndi chaka, chiwerengero cha omwe adalowa limodzi, omwe amaliza pa nthawi yake, omwe achedwa ndi omwe atsala, ndipo otsalawo agawidwe: ogona m'hositelo ndi ogona kunja, a ngongole ndi odzilipirira, amuna ndi akazi. Oyamba kufuna ziwerengero zimenezi akhale a bungwe la ngongole. Ndalama zomwe limabwereketsa mayaro zimayenera kuchokera kwa omwe adamaliza n'kupeza ntchito, ndipo njira yake yaikulu yotolera ndi kudula pamalipiro kudzera kwa olemba ntchito. Amene adatsala m'chaka chachitatu ngongole adasainira, koma alibe digiri yomupezera malipiro oti bungwelo lidulepo.