Kudikira Mlandu M'ndende: Lamulo Lilipo, Koma Kodi Likufika ku Dowa ndi Ntchisi?

M'midzi ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, munthu akatengedwa ndi apolisi, abale ake kawirikawiri amangogwira njakata. Mlandu utha kukhala wa mbuzi yosowa kapena ndewu ya pa malire a munda. Komatu bambo amene wamangidwa mu Novembala n'kukhala miyezi itatu pa rimandi, nazale yake ya fodya imauma ndipo munda umagonera. Khoti likadzamupeza wosalakwa, njala imakhala italowa kale m'nyumba mwake.

Chomvetsa chisoni n'chakuti malamulo oteteza munthu wotereyu alipo kale. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limalamula kuti womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Ndipo mu 2010 Nyumba ya Malamulo inaika malire a nthawi yosunga munthu mlandu wake usanayambe: masiku 30 pa milandu yozengedwa ndi majisitireti, ndi masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga ya kupha, ngakhale khoti lingathe kuwonjezerapo pang'ono. Chimene chimasowa ndi munthu woti awauze anthu akumudzi za malamulowa ndi kukumbutsa khoti kuti masiku akwana.

Mpata umenewu ndi womwe bungwe la Paralegal Advisory Service Institute, lodziwika kuti PASI, linabwera kudzatseka. Ntchitoyi inayamba mu 2000 mothandizidwa ndi bungwe la Penal Reform International, ndi alangizi a zamalamulo asanu ndi atatu okha m'ndende zikuluzikulu. Alangiziwa si maloya ayi. Iwo amalowa m'ndende, kupolisi ndi m'makhoti, amaphunzitsa omangidwa kudzera m'masewero momwe angapemphere belo, amafufuza makolo a ana omangidwa, ndiponso amalemba maina a anthu amene nthawi yawo yapitirira. Maina amenewa ndi omwe majisitireti amaunika akapita kukamvera milandu m'ndende momwemo. Njira imeneyi inatengedwanso ndi maiko monga Kenya, Uganda ndi Bangladesh.

Makhoti nawo anenapo momveka. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, oweruza anagamula kuti chilango cha imfa chisakhale chokakamiza kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, anati kuthithikana kwa m'ndende zathu kukuphwanya malamulo aakulu, nalamula boma kuti likuchepetse ndi theka m'miyezi 18. Mu 2017, pa mlandu wa Mayeso Gwanda, anathetsa ndime ya lamulo la vakabu yomwe inkamangitsa amphawi popanda chifukwa chenicheni.

Komabe chigamulo cholembedwa ku Blantyre sichiyenda chokha kufika ku Malomo kapena ku Madisi. Zaka zambiri chigamulo cha Masangano chitaperekedwa, ndende zinapitirira kusunga anthu ochuluka koposa mulingo wake. Mlandu wakupha umazengedwa ndi khoti lalikulu lokha, ndipo ndi khoti lomwelo limene limapereka belo yake. Choncho banja la ku Ntchisi limayenera kuyang'ana ku Lilongwe, ulendo wofuna ndalama zimene lilibe. Boma linatsegula Legal Aid Bureau mu 2015 kuti osauka apeze maloya aulere, koma maloyawo ndi ochepa poyerekeza ndi milandu.

Ena amati belo ndi kumasula mbava, ndipo dandaulo lawo n'lomveka, pakuti wobedwa mbuzi nayenso akufuna chilungamo. Koma belo si kukhululukira mlandu. Woganiziridwayo amabwererabe kukhoti pa tsiku loikika. Pamene anthu samvetsa zimenezi, ndi pomwe amayamba kulanga okha oganiziridwa, mpaka kuwatentha, ndipo mudzi umatsala ndi maliro ndi milandu yatsopano. Anthu a ku Dowa akudziwa bwino kuipa kotsekera munthu popanda kumuzenga mlandu, chifukwa Dzaleka, isanakhale malo a othawa kwawo mu 1994, inali ndende ya anthu omangidwa pa zifukwa za ndale.

Mu kalata yawo ya pa Lenti ya mu 1992, aepiskopi athu anadzudzula kusowa kwa chilungamo m'dziko muno, ndipo bungwe la Chilungamo ndi Mtendere, CCJP, likupitiriza ntchitoyo m'maparishi. Katekisiti kapena mtsogoleri wa mphakati safunika digiri kuti athandize. Wina akamangidwa, alembe tsiku limene wagwidwa ndi polisi imene akusungidwa. Apeze achibale odalirika okamuimira pa belo, atanyamula zitupa zawo. Akumbutse banja kuti ndalama yolipira kukhoti ili ndi lisiti lake. Masiku akapitirira, akadziwitse komiti ya CCJP ya pa parishi, alangizi a PASI kapena a Legal Aid Bureau. Ndipo mikangano ing'onoing'ono, pamene palibe amene wavulazidwa kwambiri, ayese kuithetsa mwa kukambirana pamaso pa mfumu isanafike kupolisi.

Kuyendera am'ndende ndi ntchito yachifundo imene tinaphunzira mu katekisimu. Ulendowo udzapindula koposa tikamanyamula ufa ndi sopo, komanso tikamafunsa kuti m'bale wathuyo wakhalamo masiku angati ndipo adzaonekera liti kukhoti.