Wantchito mmodzi, mabwana ambiri: phunziro la ku Nyumba ya Malamulo ya America

Mchitidwe woti aphungu angapo azilemba ntchito munthu mmodzi n'kumagawana malipiro ake wakhala ukupulumutsa ndalama ku Nyumba ya Malamulo ya dziko la America, koma waonetsanso kuti wantchito wa mabwana ambiri amasowa womuyang'anira.

Nyumba ya House of Representatives, yomwe ili mumzinda wa Washington, ili ndi aphungu 435. Phungu aliyense amalandira thumba lake la ndalama zoyendetsera ofesi pachaka ndipo amadzilembera yekha antchito. Malamulo amamulola kukhala ndi antchito okhazikika osapitirira 18 komanso ena anayi apadera, monga aganyu ndi amene amagawana ndi aphungu anzake.

Popeza ntchito yowerengera ndalama ndi yokonza makompyuta siikwanira tsiku lonse muofesi imodzi, aphungu ambiri amaona kuti n'kwanzeru kusonkherana malipiro a katswiri mmodzi kusiyana ndi kuti aliyense alembe wake.

Vuto lagona poti ofesi iliyonse imangoona kagawo kake ka ntchito ya munthuyo, pomwe iye amakhala ndi makiyi a mabuku a ndalama ndi makompyuta a maofesi onse.

Mchaka cha 2008, mayi wina yemwe ankayendetsa za ndalama m'maofesi a aphungu angapo adavomera kukhoti mlandu wopeza ndalama za boma mwachinyengo. Chaka chomwecho, ofesi yofufuza kayendetsedwe ka zinthu m'nyumbayi idadandaula ndi kuchepa kwa uyang'aniri pa antchito ogawanawa.

Kutsatira izi, nyumbayi idalamula kuti aliyense wogwira ntchito m'maofesi atatu kapena kuposerapo kwa masiku opitirira 60 pachaka aziulula chuma chake.

Komabe, mu February 2017 nkhaniyi idabukanso pomwe zidadziwika kuti apolisi a ku Nyumba ya Malamulo ankafufuza akatswiri ena a makompyuta omwe ankatumikira aphungu ambiri a chipani cha Democratic, ndipo akatswiriwo adaletsedwa kulowa m'makompyuta a nyumbayi.

Mu July 2018 mmodzi wa iwo adavomera mlandu wonama popempha ngongole kubanki, koma oimira boma pamilandu adati sadapeze umboni woti adaba zinsinsi za aphungu. Ngakhale zidatha choncho, nkhaniyi idaika poyera kuti anthu ochepa ankatha kufikira makalata a maofesi ochuluka popanda wina woona zonse pamodzi, ndipo mchaka chomwecho komiti yoona za kayendetsedwe ka nyumbayi idakhwimitsa malamulo okhudza antchitowa.

Kuthetseratu mchitidwewu sikungathandize, chifukwa ndalama zomwe zingapite kwa katswiri wa ofesi iliyonse zingachoke pa ntchito yotumikira anthu kumadera. Kuusiya mmene ulili nakonso n'kuika pachiswe makalata a anthu wamba omwe amalembera phungu wawo za matenda, penshoni ndi mavuto ena apakhomo.

Chomwe zaka za 2008 ndi 2017 zidaphunzitsa n'chakuti kugawana wantchito kumayenda bwino pokhapokha pakakhala ofesi imodzi yodziwa amene amamulemba, ndalama zomwe amalandira konsekonse ndi makiyi omwe ali m'manja mwake. Aphungu angathe kugawana malipiro, koma udindo woyang'anira uyenera kukhala ndi mwini wake.