Mphoto 35 ndi za Beyoncé, musazipatse mwamuna wake

Taona zimene ena mwalemba, ndipo sitikhala chete.

Pa 2 February 2025 ku Los Angeles, chimbale cha Beyoncé cha Cowboy Carter chinapata Grammy ya chimbale chopambana pa chaka chonse. Usiku womwewo iye anakhala mkazi wakuda woyamba kupata mphoto ya chimbale cha nyimbo za country. Ma Grammy ake anakwana 35, ndipo palibe woimba wina, mwamuna kapena mkazi, amene anafikapo pamenepo. Koma tsiku lisanathe n'komwe ena munali mutayamba kale: eti amuna ake amugulira.

Kugula? Jay-Z yemweyo ma Grammy ake ndi ochepa poyerekeza ndi a mkazi wake. Akanakhala wogula bwenzi atayamba wadzigulira yekha. Beyoncé analandira Grammy yoyamba mu 2001 ali m'gulu la Destiny's Child. Ukwati unabwera mu 2008. Tawerengani bwinobwino.

Ndipo zikanakhala zogula, akanadikira zaka zonsezi? Kanayi konse mphoto yaikuluyi inamudutsa: 2010, 2015, 2017 ndi 2023. Mu 2017 Adele, amene anapambana, anaima pamaso pa anthu n'kutamanda chimbale cha Lemonade misozi ili m'maso, Beyoncé ali pompo. Mu 2023 Beyoncé anaposa mphoto 31 za Georg Solti, anthu anaimirira n'kuomba m'manja, kenako yaikuluyo anapatsa Harry Styles. Mkazi wakuda womaliza kuilandira ndi chimbale chake anali Lauryn Hill, mu 1999. Zaka 26, abale! Nkhani yofunika kukwiya nayo ndi imeneyi, koma inu mwasankha kufunafuna mwamuna kumbuyo kwa siteji.

Inde, mu 2024 Jay-Z anadandaula pamwambo womwewo kuti mkazi wake sanapatsidwepo mphotoyi. Akazi anali atanena zomwezo kwa zaka zambiri, palibe anatchera khutu. Mwamuna walankhula kamodzi, ndiye basi thukuta lonse la mkazi lasanduka lake?

Nyimbo imeneyi timaidziwa, sitinaimvere ku America. Mtsikana nyimbo yake ikamveka pawailesi, akuti akuyenda ndi DJ. Akakwezedwa pantchito, akuti abwana alawa. Mayi akamanga nyumba ndi ndalama za kaunjika, yemwe amalawirira tambala asanalire kukatsegula belo, akuti pali bambo wina wake akuthiramo. Chowawa kwambiri n'choti pakati pa olemba zimenezi pali akazi anzathu. Amayi, mwana wanu wamkazi akuwerenga, ndipo akuphunzira kuti ngakhale atalimbikira chotani, dzina lotchulidwa lidzakhala la wina.

Simukukakamizidwa kukonda Cowboy Carter. Ngakhale pakati pathu pano ena amati Lemonade ndiye inali yoyenera. Tsutsani nyimbozo, tsutsani mawu ake, tikambirana mpaka usiku. Koma amene alembenso kuti amugulira, abwere ndi lisiti. Wopanda lisiti, komenti yake tikufufuta.