Namwino akagwira choko, odwala atsala ndi yani?

M'chaka cha 1905, pamene nthenda ya maso yotchedwa trachoma inali itafala pakati pa ana a ku Japan, masukulu ena a m'chigawo cha Gifu analemba anamwino kuti azitsuka maso a ana odwalawo, ndipo udindo wawo unkathera pomwepo. Koma popeza munthu amene asamala mwana tsiku ndi tsiku salephera kumlangiza, boma linawawerengera m'gulu la aphunzitsi mu 1941, ndipo mu 1947 linawapatsa dzina lakuti yogo kyoyu, limene ali nalo kufikira lero. Ambiri mwa iwo ndi amayi, ndipo ngakhale si onse amene anaphunzira unamwino wa kuchipatala, ntchito yawo ndi ya namwino wa pasukulu: kumanga mabala, kukonza zopima ana onse mwezi wa Juni usanathe, ndi kuyang'anira chipinda cha zaumoyo chimene pafupifupi sukulu iliyonse ili nacho. Mkangano unakula mu 1998, pamene lamulo linasinthidwa kuti namwino amene wagwira ntchito zaka zitatu athe kupatsidwa phunziro la zaumoyo, kuliphunzitsa m'kalasi monga mphunzitsi wina aliyense.

Amene anakondwera ndi lamulolo ali ndi mfundo zosati n'kuzinyoza. Mphunzitsi wa kalasi, amene m'mawa umodzi adumpha kuchoka pa masamu kunka pa chiyankhulo ndi nyimbo, akafika pa mutu wa kutha msinkhu, umene ana a kumeneko amauphunzira m'chaka chawo chachinayi, kawirikawiri amauwerenga mothamanga ndi maso ali pansi, pakuti manyazi sasankha dziko. Pamene namwino, amene analandirapo kale kamtsikana kolira chifukwa chaona msambo woyamba kali pasukulu, amadziwa mawu amene atonthoza ndi mawu amene awonjezera mantha. Iye ndiye asunga kaundula wa onse odzadandaula, ndipo akaona kuti Lolemba lililonse chipinda chake chidzaza ndi odwala mutu chifukwa chogona mochedwa, phunziro lake la tulo silichokera m'buku koma pa ana omwewo ali patsogolo pake. Ndiponso nthawi imene ikufunika si yochuluka: maphunziro a zaumoyo ali ngati 8 okha m'chaka chachitatu ndi chachinayi pamodzi, 16 m'chaka chachisanu ndi chachisanu ndi chimodzi, ndi 48 m'zaka zitatu zoyamba za sekondale. Nanga n'chifukwa ninji, iwo afunsa, munthu wodziwa adikire pakhomo kuti mwana aliyense ayambe wavulala, pamene akanatha kuchenjeza ana makumi atatu nthawi imodzi? Ngakhale Lina Rogers, amene anayamba ntchito imeneyi m'masukulu a ku New York mu 1902, sanangopaka mankhwala pa zipere, koma ankayendanso m'makomo kuphunzitsa makolo zaukhondo.

Koma akulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Mwana wa mphumu sabanika potsata ndandanda ya maphunziro, ndipo wa khunyu sadikira belu. Pamene namwino ali m'kalasi ya pamwamba akulemba pabolodi, chitseko cha chipinda chake chili chotseka, kapena mwakhala mphunzitsi wina amene anangopemphedwa kuti asungeko, wosadziwa kuti mwana uyu sadya mazira, uyo ali ndi mtima wofooka. Ena adzati vuto limeneli n'lapafupi, pakuti namwino akhoza kuitanidwa ndipo adzafika m'mphindi ziwiri. Izi n'zoona pa mwana wotuluka kamfuno. Koma alipo ana ena amene kuvulala kwawo sikuoneka ndi maso, ndipo ameneŵa saitanitsa munthu. Akapeza chitseko chotseka amabwerera mwakachetechete, ndipo mwina mawa lake sabweranso kusukulu.

Ana otere ku Japan si ochepa ayi. M'chaka cha maphunziro cha 2023, unduna wa zamaphunziro unawerenga ana oposa 340,000 a pulayimale ndi a sekondale yoyamba amene anajomba masiku 30 kapena kuposerapo, osati chifukwa cha matenda kapena umphawi, koma chifukwa cha zolemetsa za mumtima ndi zowawa za pakati pa anzawo. Pali ena amene amalimba mtima kufika pasukulu, koma osakhoza kulowa m'kalasi, natha tsiku lonse m'chipinda cha namwino, akuwerenga kapena kungokhala, kufikira tsiku limene adzapeza mphamvu zobwerera kwa anzawo. Tikafunsa chimene chiwakokera kumeneko, osati kwa mphunzitsi wamkulu kapena kwa mphunzitsi wa kalasi, amene nawonso ndi anthu achifundo, yankho ndi lakuti pakati pa akulu onse a pasukulu, namwino yekha ndiye sawachonga, sawapatsa malikisi, ndipo salemba pa lipoti kuti uyu wakhoza, uyu walephera. Pamaso pake mwana wanzeru ndi mwana wotsalira ali odwala chimodzimodzi, ndipo n'chifukwa chake mnyamata amene akuzunzidwa ndi anzake amayamba ndi kunena kuti m'mimba mukupweteka, nadzaulula zenizeni pa ulendo wachitatu, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Apa ndipo pagona nkhani, ndipo ine ndiyesa kuti okonda lamulo la 1998 amapadutsa mofulumira. Munthu amene wapatsidwa phunziro kuti likhale lake ayenera kukonza mayeso, kuchonga, ndi kuweruza; ndipo mwana amene dzulo analandira malikisi otsika kuchokera m'dzanja la namwino, adzaganiza kawiri asanaike chinsinsi chake m'dzanja lomwelo. Mbusa wa m'fanizo la m'Baibulo lija anasiya gulu lonse kukafuna nkhosa imodzi yotayika, ndipo sukulu ili nawo kale abusa ambiri a gulu. Wa nkhosa imodziyo ndiye ali yekha.

Sindikunena kuti namwino atsekeredwe m'chipinda chake ngati wosayenera kuima pamaso pa ana. Mwana amene sanamuonepo namwino akuseka m'kalasi amaopanso kugogoda pachitseko chake, ndipo phunziro limodzi lophunzitsidwa bwino limatsegula njira ya ambiri odzafunsa mseri. Masukulu ambiri a ku Japan anapeza okha njira yapakati, imene lamulo silinailetsepo ngakhale kale: namwino amalowa m'kalasi pamodzi ndi mwini kalasiyo pa mitu yowerengeka imene iye aidziwa koposa, monga kutha msinkhu, kuthandiza wovulala ndi kupewa matenda opatsirana, koma cholembera chofiira chimatsala m'manja mwa mphunzitsi. Otsutsa njira imeneyi amati imasandutsa namwino mlendo m'kalasi ndi kuchepetsa ulemu wake pakati pa aphunzitsi anzake, ndipo dandaulo limenelo lili ndi pake, pakuti anthu ameneŵa anavutikira zaka zambiri kuti aziwerengedwa aphunzitsi enieni.

Kumene kuli anamwino awiri mkanganowu umazilala wokha, popeza wina akapita kukaphunzitsa wina amatsala ndi odwala. Koma muyezo umene unaikidwa mu 2001 unati wachiwiri aperekedwe pokhapokha sukulu ya pulayimale ikafika ana 851, kapena ya sekondale ana 801, ndipo m'dziko limene ana akucheperachepera chaka ndi chaka, masukulu ofika pamenepo ndi owerengeka. Kwina konseko, mphunzitsi wamkulu amene afuna kulemba dzina la namwino pa ndandanda ya maphunziro ayenera kuyamba walemba dzina la munthu amene adzakhale m'chipinda cha zaumoyo pa ola limenelo, ndi kumuuza mwana amene amakhalamo tsiku lonse kuti munthuyo ndani.