Asilikali a njati ndi amtengatenga athu

Tikasonkhana ku Mbombwe pa 15 Januwale, timakonda kukamba za thangata ndi za usiku wa pa 23 Januwale 1915, pamene anthu a Chilembwe adaukira atsamunda. Ine mtima wanga umabwerera ku kalata imene Mbusa John Chilembwe adalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, miyezi iwiri chichitikireni nkhondo ya ku Karonga. Dandaulo lake lidali lakuti ana a dziko lino akukhetsa mwazi pa nkhondo ya eni, ndipo akafa, amasiye awo alibe wowayang'ana. Boma la atsamunda lidaitsekereza kalatayo.

Chilembwe adaphunzira ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia ku America, kumene tsankho adaliona ndi maso. Mu 1917, iye ataphedwa kale, dziko la America lidakhazikitsa gulu la asilikali oyenda pansi lotchedwa 92nd Infantry Division. Asilikali ake adali akuda, akuluakulu owalamula adali azungu, ndipo chizindikiro chawo chidali njati. Adakamenya nkhondo ku France mu 1918, kenako ku Italy mu 1944 ndi 1945. Pobwerera kwawo adapeza tsankho lija likuwadikira. Mmodzi wa iwo, Vernon Baker, yemwe adaonetsa kulimba mtima ku Italy mu 1945, adalandira mendulo yapamwamba ya Medal of Honor mu 1997, patadutsa zaka 52. Kuchedwa kotere kumandiwawa, komabe dzina lake lidalembedwa, ndipo mwana wa sukulu angalipeze.

Nanga athu? Pa nkhondo ya Chiwaya, yomwe ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse, amuna pafupifupi 200,000 a Nyasaland adasenza katundu wa asilikali ngati amtengatenga. Ambiri adachita kugwidwa m'midzi. Ankayenda wapansi, ufa ndi zipolopolo zili pamutu, ndipo njala ndi kamwazi zidapha ochuluka m'njira. Ena adavala yunifomu ya King's African Rifles. Pa nkhondo yachiwiri, anyamata athu adalimbana ndi Ataliyana ku Moyale mu 1940, n'chifukwa chake balaki ya ku Mzuzu ili ndi dzinali. Mu 1944 adakafika ku Burma, m'chigwa cha Kabaw chodzaza matope ndi malungo, ali m'gulu la 11th East Africa Division.

Chipilala cha ku Zomba chimakumbukira asilikali, inde. Koma wamtengatenga wochokera ku Nguludi kapena ku Namitambo, amene adagwa ndi katundu pamutu m'nkhalango za Tanganyika, ndani amamutchula? Amene akumusungabe ndi agogo okhaokha, omwe adamva kwa agogo awo kuti malume adatengedwa osabwerako, ndipo agogowo akutha chaka ndi chaka.

Ndikupempha mafumu ndi aphunzitsi a m'boma la Chiradzulu kuti atume ana asukulu m'makomo, kope ndi cholembera m'manja, akafunse mayina amenewa mudzi ndi mudzi. Januwale akubwerayu, mapemphero asanathe pa mishoni ya PIM ku Mbombwe, wina aimirire awawerenge.