Kodi Sukulu ya pa Foni Tiiyese ndi Muyeso Wanji?

Pogula chambo pa msika wa Mangochi sitimvera mfuu ya wogulitsa ai. Timayang'ana maso a nsombayo, timaikhudza, timainunkhiza. Nanga bwanji tikamva za maphunziro a pa intaneti timathamangira kugulitsa mbuzi kuti mwana alembetse, osafunsa kanthu? Paja akulu adati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuphunzira uli kutali si chinthu chachilendo m'dziko muno. Sukulu ya makalata ija, Malawi Correspondence College, idayamba m'chaka cha 1965. Wophunzira ankatumiza ntchito yake papositi, ndipo inkabwerera itachongedwa ndi dzanja la munthu. Inkachedwa, inde, koma inkabwera. Tsono pamene sukulu zonse zidatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, ambirife tidayamba kuganiza kuti foni payokha ndi mphunzitsi. Tidalakwa.

Tafunsani wophunzira wa ku Makanjira. Adzakuuzani kuti bandulo imatha phunziro lili m'kati, netiweki imadukaduka, ndipo funso limene adatumiza limakhala losayankhidwa mpaka tsiku la mayeso. Funsaninso mphunzitsi. Iye adzadandaula kuti amsenzetsa ophunzira ochuluka zedi, nkhope zao sazidziŵa, ndipo sadziŵanso ngati ntchito imene akuchonga adalemba ndi mwiniwake kapena mlamu wake wa m'tauni. Onse aŵiriŵa akulira chinthu chimodzi: sakukumana.

Choncho ife tikuti muyeso woona ndi uwu: kodi ntchito ya wophunzira imabwerera itachongedwa, ndi mau omuonetsa pamene waphonya? Ngati sibwerera, imeneyo si sukulu ai, koma sitolo yogulitsa mapepala.

Ena adzati tikudana ndi chitukuko. Kutalitali! Mphunzitsi wa pulaimale ku Namwera, amene sangathe kusiya banja ndi ntchito kuti akaphunzire ku Zomba, njira yomukweza ndi yomweyi. N'chifukwa chake tikukana kuti anyengedwe.

Inu makolo, musanamasule ndalama, funsani mafunso atatu. Ngati ndi maphunziro a ukachenjede, kodi adavomerezedwa ndi National Council for Higher Education, bungwe limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011? Mphunzitsi wake ndani, ndipo amayankha patapita masiku angati? Amene adamaliza kale ali kuti, kuti tikacheze nawo? Wogulitsa akakana kuyankha, msiyireni nsomba yake.